Leonard Kamungu, wansembe wa kunyanja amene anapatsidwa makiyi a Msoro

Abale athu a Anglican amakumbukira Leonard Mattiya Kamungu m'mwezi wa February, pakuti ndiwo mwezi umene anamwalira ku Msoro m'caka ca 1913. Ambiri a ife a mipingo ina kuno ku Petauke ndi ku Nyimba dzinali timangolimvera patali, ndipo timaliyesa nkhani ya eni ake. Koma munthu ameneyu anasenza funso limene mpaka lero limatisowetsa mtendere m'misonkhano ya akulu a mpingo, m'Cigwirizano ca azimai, m'makopaletivu a feteleza ndi m'makomiti a zitsime: tikamanena kuti anthu onse ndi olingana, tikutanthauza ciani, nanga makiyi asunge ndani? Kamungu anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 36 cabe, ndipo ziwiri zomaliza ndizo anakhala kuno kum'mawa.

Anabadwa ca m'ma 1877 ku Chia, mudzi wa m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi. Masiku amenewo malonda a akapolo anali asanathe, ndipo zombo zinali kuolotsa anthu omangidwa kupita nao kugombe la nyanja yamcere. Mishoni ya Universities' Mission to Central Africa, imene ambiri amangoicha UMCA, inabadwa cifukwa ca pempho limene David Livingstone anapereka kwa ophunzira a ku Cambridge mu 1857. Mu 1885 inakhazikika pa cisumbu ca Likoma, ndipo sitima yake, Charles Janson, inali kuyendera midzi ya m'mbali mwa nyanja, kutula aphunzitsi ndi kutenga ana a sukulu. Mwini nchito imeneyo anali William Percival Johnson, wansembe amene anakalambira panyanjapo ali ndi diso limodzi loona pang'ono. Kamungu anakulira m'sukulu zimenezi, anabatizidwa, kenaka anatumizidwa kutali ku Kiungani, pa cisumbu ca Zanzibar. Sukulu ya Kiungani inayamba ndi anyamata oomboledwa m'zombo za akapolo. Mwana wa mfulu wocokera ku Chia anakhala pa benchi limodzi ndi anzake amene sanali kudziwa ngakhale dzina la mudzi wa kwao.

Kuti timvetse moyo wake, tiyenera kuima pang'ono pa maganizo a mishoni imene inamulera. Azungu a UMCA anali ndi njira yaoyao yomvera kulingana. Iwo sanali kukwatira, sanali kulandira malipiro enieni koma kandalama kocepa ka m'thumba, ndipo ena a iwo, makamaka Johnson, anali kukhala moyo waumphawi ndithu. Cikhulupiriro cao cinali cakuti mmishonale atsike, akakhale pamene pali munthu wa kumudzi, ndiponso kuti wansembe wa Ciafrika asasanduke Mzungu wakuda. Motero sanali kufuna kuti ansembe ndi aphunzitsi ao avale monga Azungu, kapena kumanga nyumba zosiyana kwambiri ndi za abale ao. Paguwa la nsembe panalibe kusiyana: Mgonero wodalitsidwa ndi wansembe wakuda unali Mgonero womwewo, ndipo Mzungu anali kuulandira atagwada.

Zimenezi si zazing'ono, ndipo m'masiku amenewo zinali zosowa. Komabe munali mng'alu m'kati mwake. Mzungu amene anasankha umphawi anali ndi kwao kobwerera. Akadwala anali kukwera sitima kupita ku England. Umphawi wa wansembe wakuda sunali wosankha, unali wolamulidwa ndi ena. Ndiponso mabishopu onse, osunga cuma onse, ndi onse okhala pamene nkhani zazikulu zinali kugamulidwa, anali Azungu. Anthu anali olingana pogwada, koma pa thumba la ndalama ndi pa mpando ai. Aphunzitsi ambiri a masiku amenewo anali kuona kuti kulingana kwenikweni ndi maphunziro ofanana, malipiro ofanana ndi mwai wofanana wokwera. Mbali zonse ziwiri zinali kuwerenga Baibulo limodzi.

Kamungu anadzozedwa udikoni mu 1902 ndi unsembe mu 1909. Sanali wansembe wakuda woyamba m'dayosizi ya Likoma. Patsogolo pake panali Yohana Abdallah, Myao amene anatumikira ku Unangu, ndi Augustine Ambali, amene anaomboledwa ku ukapolo ali mwana natumikira zaka zambiri ku Msumba. Koma Kamungu ndiye anali mwana wa Anyanja eni ake a m'mbali mwa nyanjayo. Anatumikira ku Nkhotakota, doko lakale la akapolo la a Jumbe, ndiponso ku Lungwena pakati pa Ayao, kumene Cisilamu cinali citazika kale mizu. Malo onse awiri anali ouma kwa mlaliki wa Cikristu. Kumeneko anaphunzira kukhala mlendo pakati pa anthu amene sanamuitane.

Mu 1910 UMCA inatsegula dayosizi yatsopano ya Northern Rhodesia, ndipo bishopu wake woyamba anali John Edward Hine, dokotala wa mankhwala amene anali atakhalapo bishopu wa Likoma ndiponso wa Zanzibar. Hine anapeza dziko lalikulu, ansembe owerengeka, ndi Azungu okhala m'matauni amene anali ndi maganizo ena. Ku Livingstone ndi ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, ambiri a iwo sanafune kupemphera m'nyumba imodzi ndi anthu akuda, ndipo bishopuyo anakangana nao pa nkhani imeneyi. M'nyengo yotereyi ndi mmene Hine anacita cinthu cacilendo. Anapempha Kamungu, amene anali kumudziwa kuyambira kunyanja, kuti adzatsegule mishoni ku Msoro, ndipo anamuika kukhala woyang'anira. Sanamuike kukhala womasulira mau wa Mzungu, kapena wothandizira. Kamungu anafika mu 1911, caka comwe North-Eastern Rhodesia ndi North-Western Rhodesia zinaphatikizidwa kukhala dziko limodzi.

Dziko limene anafikamo linali ndi zilonda zatsopano. Ansenga ndi Akunda anali atazunzika pakati pa nkhondo za Angoni a Mpezeni ndi Acikunda ocokera ku Zumbo ndi ku Feira, osaka minyanga ndi akapolo. Mpezeni anagonjetsedwa ndi asilikali a Azungu mu 1898, ndipo posakhalitsa kunabwera msonkho wa nyumba. Amuna anayamba kuyenda pansi kupita ku migodi ndi mapulazi a ku Southern Rhodesia kukafuna ndalama ya msonkhowo, ndipo midzi yambiri inatsala ndi azimai, ana ndi nkhalamba. M'cigwa ca Luangwa munali matenda a kaodzera. Mseu wa Great East kunalibe, ndipo ulalo wa pa Luangwa unadzamangidwa patapita zaka zoposa 20. Ulendo uliwonse unali wa miyendo.

Nchito ya mishoni masiku amenewo inali sukulu ya m'mudzi. Wansembe anali kupita kwa mfumu kukapempha malo, anthu anali kumanga kanyumba ka mitengo ndi udzu, ndipo mphunzitsi anali kutsala komweko kuphunzitsa kuwerenga m'mawa ndi kutsogolera mapemphero madzulo. Kamungu anagwira nchito imeneyi pamodzi ndi aphunzitsi ocokera ku Nyasaland, ndipo m'zaka ziwiri zokha sukulu zinafalikira m'midzi yambiri ndipo anthu ofuna ubatizo anaculuka. Mwambo wa UMCA sunali wothamanga. Munthu anali kuyamba monga womvera cabe, pambuyo pake anali kulandira mtanda kukhala wa m'kalasi, ndipo ubatizo unali kudza patapita zaka. Zonsezi zinali pa mutu wa wansembe mmodzi: kuyendera sukulu, kuyesa a m'kalasi, kulipira aphunzitsi, kuweruza milandu ya maukwati, ndi kulembera bishopu amene nthawi zambiri anali pa mtunda wa masabata ambiri.

Tisaganize kuti kasukulu ka udzu kanali kanthu kopanda mano. Kanali bungwe latsopano m'mudzi, ndipo kanabwera ndi muyeso wake wa anthu. Mudzi wa Cinsenga unali ndi kulingana kwake, kumene ife tonse tinakuyamwira. Nsima siidyedwa mobisa, maliro ndi a onse, ndipo munthu amene nkhokwe yake yadzala yekha pamene anzake akugona ndi njala amayang'anidwa ndi diso lina. Kulingana kwa kumudzi ndi kwakuti wina asatalike kwambiri kuposa anzake. Koma mudzi womwewo unali ndi masitepe ake osakambidwa. Mkulu amayamba kulankhula, mwana amatsiriza kapena salankhula konse. Mwini mbumba ali ndi mau amene mkamwini alibe, cinkana mkamwiniyo akhale pamudzipo zaka 30. Mdzukulu wa kapolo anali kudziwika, ndipo mlendo anali mlendo.

Sukulu inasokoneza zonsezi. Mnyamata wa mkamwini akadziwa kuwerenga msanga anali kukhala patsogolo pa mphwa wa mfumu. M'kalasi ya ubatizo nyakwawa ndi mwana wamasiye anali kudikira zaka zofanana, ndipo mwamuna wa mitala, kaya akhale wolemekezeka motani, anali kuuzidwa kuti aime kaye. Wogamula zimenezi anali munthu wa zaka za m'ma 30, wosabadwira kuno, wopanda malume kapena manda a makolo m'dziko lino, wolankhula Cinyanja ca kunyanja. Makolo anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma sananene kuti onse amakondwa pometedwa. Kwa Azungu a ku Fort Jameson Kamungu anali munthu wakuda amene wakwera mopitirira. Kwa ena a m'midzi anali mlendo amene wakwera mopitirira. Ife tikuona kuti katundu waciwiriyu sanali wopepuka kuposa woyambayo.

Panalinso anansi. Amishoni a Dutch Reformed Church ocokera ku Orange Free State anafika ku Magwero mu 1899, natsegula Madzimoyo mu 1903, Nyanje mu 1905 ndi Nsadzu mu 1908. Iwo anali kuona dziko la kum'mawa kuno ngati munda wao, ndipo kubwera kwa Anglican sanakukondwere. Panali kulimbirana midzi: mfumu ikalola sukulu ya uku, a uko anali kudandaula. Mishoni ya Hofmeyr, m'dera la Nyimba, inatsegulidwa mu 1914, caka cotsatira imfa ya Kamungu. Ambiri a ife amene tikuwerenga nkhani ino ndife zidzukulu za mbali imodzi kapena inzake ya mkangano umenewo, ndipo mpingo umene tinabadwiramo kawirikawiri unasankhidwa ndi nyakwawa ina imene inavomera mphunzitsi amene anayamba kufika.

A Dutch naonso anali ndi kamvedwe kao ka kulingana, ndipo kanali kosiyana ndi ka UMCA monga dzanja lamanja ndi lamanzere. Kwa iwo mpingo sulamulidwa ndi bishopu koma ndi msonkhano wa akulu osankhidwa, ndipo mau a mkulu wa mpingo wosavala nsapato amawerengedwa povota. Mlimi wamba anaphunzira kukhala pa bwalo la mpingo, kusunga buku la zopereka ndi kufunsa mbusa mafunso. Mwambo umenewu unalowa m'magazi a anthu a kuno, ndipo sitikayika kuti unathandiza pamene Petauke inadzachuka ndi makopaletivu a nshawa m'zaka za m'ma 1950. Koma mpingo womwewo kwao ku South Africa unali kuphunzitsa kuti mitundu ipemphere payokhapayokha, ndipo mu 1935 unalemba zimenezi m'malamulo ake a umishoni. Akuda anali olingana pakati pao. Mzungu anali ndi khomo lake. Tsono uku kunali guwa limodzi lopanda voti, uko kunali voti yopanda tebulo limodzi.

Pamene tikuyang'ana zimenezi, cimene cikutikhudza pa nkhani ya Kamungu si umphawi wake kapena maulendo ake, pakuti aphunzitsi ambiri osachulidwa maina anayenda maulendo omwewo. Cacikulu ndi cakuti anapatsidwa ulamuliro weniweni, wokhala ndi mphamvu yolakwitsa. Munthu amene amaitanidwa ku msonkhano koma sagwira buku la ndalama, amene amapemphedwa kutsegula ndi pemphero koma nkhani itagamulidwa kale dzulo lake pakhonde la wapampando, ameneyo wangopatsidwa mpando wokhalira. M'buku la Macitidwe, caputala 6, Ayuda olankhula Cigriki atadandaula kuti akazi amasiye a mbali yao akuiwalidwa pa kugawa cakudya, atumwi sanangowatonthoza ndi ciphunzitso cakuti onse ndi amodzi. Anauza mpingo kuti usankhe anthu asanu ndi awiri oyang'anira nchitoyo, ndipo maina onse asanu ndi awiri amene anasankhidwa ndi a Cigriki. Mbali yodandaula ndiyo inapatsidwa makiyi a nkhokwe.

M'mabungwe athu mkangano uja ukali moyo, wangosintha zovala. M'kopaletivu wina amati membala aliyense ali ndi voti imodzi, wina amati amene anaika masheya ambiri amveke kwambiri. M'magulu osunga ndalama a m'midzi, pa tsiku logawana, wina amafuna kuti phindu ligawidwe mofanana, wina amati aliyense atenge monga anasungira. Mumpingo, amene anaumba njerwa za chalichi zaka 40 zapitazo amaona kuti mphunzitsi kapena nesi amene wabwera dzana pa transifa sangakhale mlembi, pamene acinyamata amaona kuti mpando si colowa ca banja. Onsewa amanena mau amodzi akuti cilungamo, ndipo palibe amene akunama. Koma tikafunsa kuti ndani amasaina ku banki, ndani amasunga cidindo, ndani amapita ku msonkhano wa ku boma kumene kuli alawansi, timapeza kuti mkamwini, mlendo ndi mai wamasiye akali kudikira panja monga kale.

Kamungu anadwala namwalira kumapeto kwa February 1913, ndipo anaikidwa ku Msoro komweko. Ambiri anakhulupirira kuti anadyetsedwa mankhwala, ndipo mbiri imeneyo yayenda pakamwa mpaka lero. Caka cotsatira, makalata ake ndi mbiri ya moyo wake zinasindikizidwa ku England m'kabuku kolembedwa ndi Dora Yarnton Mills, amene anatumikira zaka zambiri ku Zanzibar.

Zimene zinacitika pambuyo pake ndizo zimatiphunzitsa zambiri za nthawi imeneyo. Anthu anamutamanda, koma cimene Hine anayesa sicinabwerezedwe msanga. Hine anacoka mu 1914, m'malo mwake munalowa Alston May, ndipo Msoro inakhala m'manja mwa ansembe acizungu. Ena a iwo anagwira nchito yabwino. Sidney Ranger anaphunzira Cinsenga mpaka kulemba buku la malamulo a cinenerocho mu 1928, pa nthawi imene sukulu za a Dutch zinali kuphunzitsa ana a Ansenga m'Cinyanja. Koma panapita zaka pafupifupi 20 kuti Anglican idzoze ansembe obadwira m'dziko lino, ndipo bishopu woyamba wakuda, Filemon Mataka, anadzozedwa mu 1964, caka ca ufulu wa dziko. Ku mbali ya a Dutch, Justo Mwale anadzozedwa ubusa mu 1929, patapita zaka 30 kucokera pamene Magwero inayamba. Mpingo unakhala ndi sinodi yake mu 1943, koma Umwini, pamene katundu ndi ulamuliro zinaperekedwa kwa eni dziko, unadza mu 1966. Amene anali kucedwetsa zinthu nthawi zonse anali kunena kuti anthu sanakonzeke. Manda a ku Msoro anali pomwepo nthawi yonseyo, umboni wakuti munthu wina anali wokonzeka kale mu 1911.

Pali mbali ina imene mishoni zonse ziwiri sizinaione, ndipo nafenso tinacedwa kuiona. Ansenga amadziwa ufumu wa azimai. Mipando monga wa Nyanje ndi wa Mwape yakhalapo ndi amai, ndipo amuna amaomba m'manja pamaso pao popanda kufunsa. Pamene amuna anali ku migodi, azimai ndiwo anadzaza makalasi a ubatizo, anamweta udzu wofolerera machalichi ndi kusonkha cimanga ca aphunzitsi. Komabe bwalo la mpingo linakhala la amuna okha kwa mibadwo. Lero Reformed Church in Zambia ndi United Church of Zambia zimadzoza azimai ubusa, koma m'mipingo yambiri ya kumudzi mai amapatsidwa usungicuma cifukwa amakhulupirika ndi ndalama, pamene upampando umapitabe kwa mwamuna.

Amishoni a mipingo yosiyanasiyana anayamba kukhala pansi pamodzi mu 1914, pa msonkhano woyamba wa amishoni a m'dziko lino, ndipo mu 1945 kunabadwa Christian Council of Northern Rhodesia, kholo la Council of Churches in Zambia. Anglican ndi Reformed onse ali m'menemo. Ku Msoro, m'boma la Mambwe, kuli tsopano chalichi cacikulu ca St Luke ca dayosizi ya Eastern Zambia, pamodzi ndi cipatala ndi sukulu. Ku Zomba m'dziko la Malawi, sukulu yophunzitsa ansembe a Anglican imachedwa ndi dzina la Leonard Kamungu, monga momwe ya ku Lusaka yophunzitsa abusa a Reformed imachedwera ndi dzina la Justo Mwale.